Giannis apite ku San Antonio? Tiyeni tiiyeze bwino dilu imeneyi

"Akochi, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndakhala sapota wa Milwaukee Bucks, timu ya basketball ya mu ligi ya NBA ku America, kuyambira 2019. Pagulu la WhatsApp la anyamata amene timasewera limodzi Loweruka m'mawa takhala tikukangana kwa masabata awiri. Mnzanga wina, sapota wa San Antonio Spurs, akuti sizoni ya 2025-26 isanayambe Bucks ipereke Giannis Antetokounmpo ku Spurs, n'kulandira Stephon Castle, Devin Vassell, Keldon Johnson ndi ma pick anayi a ndime yoyamba ya draft (pick ndi mwayi wosankha wosewera watsopano pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhira achinyamata olowa mu ligi). Akuti mbali zonse zipindula. Ine mtima ukukana, koma ndikati ndifotokoze chifukwa chake mawu amandithera, ndiye amandinena kuti ndikungolankhula zachisapota. Tafika pobetcherana K30,000 kuti pomafika February 2026 Giannis adzakhala atachoka. Kodi ndine wolakwa?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo. Simunalakwe kukana, ndipo mnzanuyo sakulankhula zopanda mutu. Dilu imene wakonzayo ndi yoganiziridwa bwino kuposa zambiri zimene ndimaziona zikuyenda m'mafoni. Chimene chikukusowetsani mawu n'chakuti nonse mukuyang'ana mayina a osewera, pamene matimu eniakewo amayang'ana zinthu zina zimene sizioneka pa TV. Ndaphunzitsa basketball kuno ku Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo NBA ndakhala ndikuidzukira 2 koloko usiku kuyambira kale, choncho ndiloleni ndikuyendetseni mmene ineyo ndimayezera nkhani ngati iyi.

Poyamba tichotse chisokonezo chimene timabwera nacho kuchokera ku mpira wamiyendo. Bullets ikafuna mnyamata wa Silver Strikers imakambirana mtengo, mnyamatayo n'kuvomera, n'kusaina kontrakiti yatsopano. Ku NBA sizitero. Wosewera sagulidwa ndi ndalama, amasinthanitsidwa, ndipo kontrakiti yake imapita naye mmene ilili. Nthawi zambiri safunsidwa n'komwe. Ndi ochepa kwambiri, monga LeBron James mu 2025, amene ali ndi chiganizo m'kontrakiti chowalola kukana. Komanso timu imene yadutsa kale malire a malipiro, omwe sizoni ya 2025-26 ali pa madola pafupifupi 154.6 miliyoni, siingangolandira kontrakiti yaikulu osatulutsa yofanana nayo. Pa makontrakiti akuluakulu, zimene ikulandira zisapose pafupifupi 125 peresenti ya zimene ikutulutsa. Apa mnzanuyo wakhoza. Giannis alandira madola pafupifupi 54 miliyoni sizoni imeneyi. Vassell ali pa 27 miliyoni, Johnson pa 17.5 miliyoni, Castle pakati pa 9 ndi 10 miliyoni. Mukaphatikiza zikufika pomwepo. Ndiye pa masamu, dilu ikhoza kudutsa ku ofesi ya ligi. Muuzeni zimenezo, kuti adziwe kuti simukutsutsa mwachimbulimbuli.

Tsopano tibwere pamene pagona nkhani. Timu ikapereka katswiri wake n'kulandira achinyamata ndi ma pick, imakhala yavomera kuluza kwa zaka zingapo. Kuluzako kuli ndi malipiro ake, chifukwa ku NBA matimu ochita moipa ndi amene amakhala ndi mwayi wosankha koyambirira pa draft. Umu ndi mmene Spurs inapezera Victor Wembanyama mu 2023. Koma Milwaukee inagulitsa kale chimanga chake chili m'munda. Mu November 2020, pofuna Jrue Holiday, inapereka ku New Orleans ma pick ake a 2025 ndi 2027, pamodzi ndi ufulu wosinthana malo osankhira pa draft mu 2024 ndi 2026. Mu September 2023, pofuna Damian Lillard, inapereka ku Portland pick ya 2029 ndi ufulu wosinthana malo mu 2028 ndi 2030. Werengani bwino zakazo. Kuyambira lero mpaka 2030 palibe chaka chimene Milwaukee ikhoza kuluza n'kudya yokha phindu lonse la kuluzako. Ikathera pansi pa ligi, okolola ndi ena. Ichi ndicho chimene mtima wanu umakana koma pakamwa osachipeza.

Mnzanuyo ayankha kuti, nanga si ndikukupatsani ma pick anayi? Mufunseni kuti ndi a ndani. Pick si ndalama yoti K1,000 ndi K1,000 kulikonse. Mtengo wake umadalira mmene timu yake idzachitire chaka chimenecho. Spurs yokhala ndi Giannis ndi Wembanyama idzakhala ikupambana magemu 55 kapena kuposa mwa 82, ndiye ma pick ake adzagwera cha ku nambala 25 mpaka 30. Kumeneko kumapezeka osewera abwino nthawi zina, koma akatswiri onyamula timu sapezekapezeka. Ma pick a Spurs amene ali ndi fungo ndi aja inatenga ku Atlanta mu 2022 popereka Dejounte Murray, makamaka ya 2027, komanso ake a kutsogolo kwambiri, a zaka zimene Giannis adzakhale atakula. Palinso lamulo, lotchedwa ndi dzina la Ted Stepien amene anali mwini wa Cleveland Cavaliers kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, loletsa timu kukhala yopanda pick ya ndime yoyamba zaka ziwiri zotsatizana zam'tsogolo, ndipo siingagulitse pick yopitirira zaka 7 kutsogolo. Choncho mawu akuti "ma pick anayi" pa okha sakutiuza kanthu mpaka titadziwa zaka zake, eni ake, komanso ngati ali ndi chitetezo, chija chimati pick ikagwera pamwamba kwambiri ibwerere kwa mwini wake.

Pali madilu awiri amene onse okonda kugulitsa katswiri amawatchula, ndipo ndi bwino muwadziwe. Mu 2013 Boston inapereka Kevin Garnett ndi Paul Pierce ku Brooklyn, Garnett ali ndi zaka 37 ndipo Pierce akuyandikira 36. Brooklyn inagwa msanga, ndipo ma pick ake anabala Jaylen Brown mu 2016 ndi Jayson Tatum mu 2017, amene anadzatenga chikho mu 2024. Mu 2019 Oklahoma City inapereka Paul George ku Los Angeles Clippers, n'kulandira Shai Gilgeous-Alexander, Danilo Gallinari, ma pick asanu ndi ufulu wosinthana malo kawiri. Mu 2025 Shai wakhala MVP, kutanthauza wosewera wopambana onse mu ligi sizoni imeneyo, ndipo Oklahoma City yatenga chikho itagonjetsa Indiana 4-3, Jalen Williams amene anachokera pa imodzi mwa ma pick aja ali pambali pake. Zoonadi, ogulitsa anapindula. Koma onani bwino. Boston inapindula chifukwa timu yogulayo inagwa. Oklahoma City inapindula chifukwa mnyamata amene inalandira anadzakhala mmodzi mwa osewera abwino kwambiri padziko, komanso inali ndi ma pick akeake oti iluze nawo zaka ziwiri mosadandaula. Spurs yokhala ndi Wembanyama wobadwa mu 2004 siikuoneka ngati timu yoti igwa posachedwa, ndipo Milwaukee ilibe ma pick ake. Chatsala ndi funso limodzi: kodi Castle angadzakhale ngati Shai?

Castle ndimamukonda. Ndi wamtali pa malo ake, amatchinga ndi mtima wonse, saopa kulowa pakati pa zimphona, ndipo anatenga mphoto ya wosewera watsopano wabwino koposa mu 2025. Koma sizoni yake yoyamba ma three ake, mipira yoponya kuchokera kutali ya mapointi atatu, analowa osakwana 30 pa 100 alionse. Akhoza kukonza, ambiri amakonza. Komabe mukuika tsogolo la timu yonse pa dzanja la mnyamata wobadwa mu 2004, pamene mukutulutsa munthu amene sizoni ya 2024-25 ankagoletsa mapointi 30, kutola ma rebound (mipira yophonya ring) pafupifupi 12 ndi kupatsira ma assist (mapasi obala chigoli) opitirira 6 pa gemu, MVP wa 2019 ndi 2020, amene anagoletsa 50 pa gemu yomaliza ya mafainolo a 2021 n'kubweretsa chikho chimene Milwaukee inachidikira zaka 50. Ndikanakhala wa Milwaukee, sindikanayamba n'komwe kukambirana popanda dzina la Dylan Harper, amene Spurs inamusankha pa nambala 2 mu 2025, ndipo ndikanafuna timu yachitatu ilowemo kuti ena mwa ma pick anga abwerere kunyumba. Vassell ndi Johnson ndi osewera abwino, koma m'dilu imeneyi ntchito yawo yaikulu ndi kukwaniritsa masamu a malipiro.

Tiwolokere mbali ya mnzanuyo, chifukwa iyenso ali ndi zoti aziope, ngakhale iye akuona ngati akutola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Pa bwalo, zabwino zake n'zoonekeratu. Giannis amafuna mnzake wamtali amene amaponya kuchokera kutali kuti pansi pa ring pakhale mpata, ndipo amatchinga ring kuti iye aziyendayenda. Brook Lopez anamuchitira zimenezo ku Milwaukee kuyambira 2018 mpaka 2025. Wembanyama amachita zomwezo, ndipo amaposa. Timu yofuna kugoletsa pafupi ndi ring ingaone zakuda. Koma mpira ndi umodzi. Giannis amafuna mpira m'manja ndi msewu woyera kutsogolo kwake. De'Aaron Fox, amene Spurs inamutenga ku Sacramento mu February 2025, amafunanso zomwezo. Harper nayenso ndi wolowa m'kati. Ndipo mmodzi mwa oponya bwino kuchokera kutali, Vassell, mwamupereka. Adani akhoza kungodzazana pansi pa ring n'kunena kuti ponyani tione.

Zimenezi ndinaziphunzira pa simenti, osati pa TV. Chaka china ndinali ndi timu ya anyamata osapitirira zaka 18. Munali kamnyamata kena kachete, sikankagoletsa kwambiri, koma kankaima pakona, mpira ukakapeza n'kuponya osazengereza, ndipo pobwerera kankamatirira wosewera woopsa wa adani ngati nkhupakupa. Kunabwera mnyamata wamtali, wodumpha, wokoma kumuonera, ndipo ndinamupatsa malo a kamnyamata kaja. Tinapita kukasewera ku ABC Blue Gym ndili ndi chikhulupiriro chonse. Kota yoyamba yomwe ndinaona vuto. Wamtaliyo ndi kaputeni wanga ankathamangira malo amodzi, mpaka kuwombana mapewa pansi pa ring, otchinga atatu atawazungulira, pakona palibe munthu. Ndinayang'ana pa benchi, kamnyamata kaja kali phee, thaulo pakhosi, maso ali pakona yopanda munthuyo. Tinaluza gemu imene tinayenera kupambana. Mnyamata wamtaliyo sanalakwe chilichonse, anali waluso kuposa mnzakeyo. Ndine amene ndinawerenga luso n'kuiwala malo. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva dilu iliyonse ndimatenga pepala n'kulemba anthu asanu amene adzakhale m'bwalo mphindi zisanu zomaliza, n'kudzifunsa kuti woponya ndani, wotchinga wothamanga wa adani ndani, ndipo amene avomere kusagwira mpira ndani. Chitani zimenezo ndi mnzanuyo Loweruka likubwerali, muone ngati asanu akewo akukwanirana.

Kenako pali nkhani ya nthawi, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse kumbali ya Spurs. Giannis anabadwa mu December 1994, Wembanyama mu January 2004. Kusiyana zaka 9. Masewero a Giannis amadalira mphamvu ndi liwiro, ndipo thupi layamba kulankhula: mu 2023 msana unamuphonyetsa magemu awiri pamene Miami inkawatulutsa m'ma playoff, magemu olimbirana chikho kumapeto kwa sizoni, mu 2024 katumba wa mwendo anamuphonyetsa ma playoff onse. Wembanyama nayenso anasiya sizoni ya 2024-25 mu February 2025 atapezeka ndi magazi oundana m'mtsempha wa paphewa. Sizoni imeneyo Spurs inapambana magemu 34 okha, ndipo pofika 2025 inali isanalowe ma playoff chichokereni 2019. Dilu ya mtundu uwu imayenera timu imene yatsala sitepe imodzi. Mu 2018 Masai Ujiri, mwana wa ku Nigeria amene ankatsogolera Toronto, anapereka DeMar DeRozan, Jakob Poeltl ndi pick imodzi kuti atenge Kawhi Leonard ndi Danny Green ku San Antonio komweko, akudziwa kuti Kawhi watsala ndi chaka chimodzi pa kontrakiti. Anatenga chikho mu 2019, Pascal Siakam wa ku Cameroon ndi Serge Ibaka wa ku Congo ali momwemo, ndipo Kawhi anachokadi. Inali dilu yabwino, chifukwa Toronto inali itapambana kale magemu 59 sizoni ya 2017-18. Inali pakhomo, inangofuna woti atsegule. Mwa njira, pick imene Spurs inalandira pa dilu ija ndi imene inabala Keldon Johnson yemweyu amene mnzanu akufuna kumupereka. Spurs ya 2024-25 inali isanafike pakhomo. Pofika 2025 tinali tisanaone Fox, Castle, Harper ndi Wembanyama akusewera limodzi sizoni yathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndalama nazonso zili ndi nthawi yake. Pakali pano Wembanyama akadali pa kontrakiti yake yoyamba, yotsika mtengo, mpaka 2027, ndipo ichi ndi chifukwa chomveka chofulumirira. Koma Fox wasaina kale kontrakiti yaikulu yoyamba mu 2026. Giannis ali ndi ufulu wotuluka m'kontrakiti yake mu 2027, ndipo adzafuna yatsopano yapamwamba. Chaka chomwecho Wembanyama adzayamba kulandira zake zazikulu. Anthu atatu kudya gawo lalikulu la thumba, otsalawo kugawana nyenyeswa. Pangano la ligi ndi osewera la 2023 linabweretsa malire ena apamwamba otchedwa apron, ndipo timu yodutsa achiwiri imamangidwa manja: siingaphatikize makontrakiti pochita dilu, ndipo ma pick ake a kutsogolo amatsekeredwa. Onani Boston, imene chaka chimodzi chokha itatenga chikho yapereka Holiday ndi Kristaps Porzingis pothawa malire amenewa. Walira mvula walira matope. Milwaukee yomwe ikudziwa kuwawa kwake: Lillard ataduka mtsempha wa kuchidendene mu April 2025, timu inamumasula mu July, ndipo idzakhala ikumulipira madola oposa 22 miliyoni chaka chilichonse kwa zaka zisanu akuvala yunifomu ya timu ina.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Dilu ya mnzanuyo, mmene ilili, Milwaukee iikane, chifukwa ikuipatsa zaka zoluza zopanda malipiro. Dilu imene Milwaukee ingavomere, yokhala ndi Harper ndi ma pick abwino, Spurs iizengereze mpaka ione ana ake akusewera. Mtengo umene ukukomera wogula ndi wochepa kwa wogulitsa, ndipo wokwanira wogulitsa ndi wowawa kwa wogula. Madilu ambiri a m'mafoni amafera pamenepa.

Pali chinthu chimodzi chimene chingasinthe zonse ndanenazi, ndipo ndikufuna mukonzekere mtima. Ndi mawu a Giannis mwini. Milwaukee yatuluka m'ndime yoyamba ya ma playoff zaka zitatu zotsatizana, 2023, 2024 ndi 2025. Tsiku limene adzauze akuluakulu a timu kuti akufuna kupita, kapena kukana kuwonjezera kontrakiti, funso silidzakhalanso lakuti timupereke kapena ayi. Lidzakhala lakuti timupereke liti, ndipo yankho ndi msanga, chifukwa katswiri wotsala ndi zaka ziwiri amagulitsidwa mtengo wabwino kuposa wotsala ndi miyezi, ndipo akachoka yekha kontrakiti itatha timu imatsala chimanjamanja. Pamenepo ngakhale dilu yocheperapo imasanduka yabwino kuposa kusapeza kanthu. Giannis alibe chiganizo chokanira, koma palibe timu ingakhuthule nkhokwe yake yonse chifukwa cha munthu amene wanena kuti sadzakhalitsa, choncho kumene akufuna kupita kuli ndi mphamvu.

Za K30,000 zija, ndikupemphani ngati mkulu wanu, zithetseni. Palibe amene amadziwa za madilu a NBA asanachitike. Lamulungu pa 2 February 2025, cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndinali ndikusita malaya a kutchalitchi pamene foni inayamba kulira motsatizana. Luka Doncic, wa zaka 25, amene miyezi yochepa m'mbuyomo anafikitsa Dallas ku mafainolo, wapita ku Los Angeles Lakers posinthana ndi Anthony Davis wa zaka 31, Max Christie ndi pick ya 2029. Ndinaika simbi pansi n'kuwerenga katatu. Anthu ambiri ankaganiza kuti akaunti ya mtolankhani Shams Charania wa ESPN yabedwa. Panalibe mphekesera ngakhale imodzi dzulo lake. Ndipo mayina amene amamveka m'mphekesera miyezi yonse nthawi zambiri amatha sizoni ali pomwe anali. Kubetcha pa zoterezi sikuonetsa kuti mumadziwa basketball, ndipo ndaona magulu a anyamata osewera limodzi akupasuka chifukwa cha ndalama zochepera pamenepo. Ngati mukufuna mpikisano, woluza agule mpira watsopano kapena neti ya pa ring yanu, onse mupindule. Ndipo ngati kubetcha kwafalikira kwina, mwayamba kubwereka kapena kubisira akunyumba, musadikire kuti zikule. Lankhulani ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, m'busa kapena shehe wanu, kapena mlangizi wa kuchipatala.

Pa mkangano weniweniwo, musadalire ine ndekha. Manambala a makontrakiti amasintha chaka ndi chaka, ndiye musanatsutsane yang'anani pa intaneti, pa Basketball Reference kapena Spotrac, ndipo dilu iliyonse muiyese pa Trade Machine ya ESPN kuti muone ngati ikudutsa. Sizidya bandulo yambiri. Nkhani ya dilu muikhulupirire pokhapokha yachokera kwa atolankhani odziwika kapena ku matimu eniake, osati pa chithunzi chimene wina watumiza pagulu chopanda gwero. Ndipo pofika Khirisimasi, matimu onse atasewera magemu pafupifupi 30, mundilemberenso. Tidzakhala taona ngati dzanja la Castle lawongoka, ngati Harper ndi Fox akugawana bwino mpira, komanso ngati Myles Turner, amene Milwaukee yamutenga ku Indiana kuti alowe m'malo mwa Lopez, akumutsegulira Giannis msewu. Pamenepo tidzaiyezanso dilu yomweyi, ndipo mubwere ndi pepala lija la anthu asanu.